Ula wa Timitengo ndi Mtima Wodikira

Amayi anzanga, sabata ino ndati tikambirane nkhani imene ambiri timaidziŵa koma sitiitchula pagulu, ndiyo ya kupita ku ula chifukwa cha mwamuna. Kuno ku Chinguluwe tikagulitsa thonje, kapena likafika tsiku logaŵana ndalama za banki m'khonde, mayi aliyense amanena poyera chimene akagule: wina malata, wina feteleza, wina yunifolomu ya mwana. Koma pali ndalama ina imene imamasulidwa pansonga ya chitenje mwakachetechete, ndipo siilembedwa m'buku lililonse. Imeneyo imakwera kabaza m'bandakucha, anthu asanadzuke, kupita kwa sing'anga wa kutali ndi mudzi kukafunsa mafunso amene sasintha chaka ndi chaka: Kodi amandikondadi? Kodi adzabwera? Nanga wamugwira mtima ndani?

Ofunsawo si atsikana okha ayi. Alipo amayi a ana anayi amene amuna awo adapita ku Joni, poyamba akumaimba foni Lamlungu lililonse, kenaka kamodzi pamwezi, lero zii. Alipo akazi a asodzi amene amuna awo amakakhala pa chilumba cha Mbenje kuyambira mwezi wa Epulo. Inde, mwambo wa chilumbacho suloleza mkazi kupondapo ndipo moŵa ndi woletsedwa, koma mtima wa wotsala kumudzi suganiza za pachilumba, umaganiza za padoko pamene bwato limakocheza ndalama zili m'thumba. Aliponso atsikana amene adalonjezedwa ukwati ndi mnyamata wobwera, wogula mbewu kapena wogwira ntchito ya msewu, amene kwawo sakudziŵika ndi munthu aliyense m'mudzi.

Ena amanyoza, amati zimenezi n'za ife akumudzi amene sitidapite patali ndi sukulu. Sizoona. Ku Hong Kong, mzinda wa nyumba zosanjikizana, kuli kachisi wotchuka dzina lake Wong Tai Sin, amene adakhazikitsidwa pamalo alipowo m'chaka cha 1921. Kumeneko amapitako madona a m'maofesi, aphunzitsi ndi eni masitolo, kukaombeza ula wa timitengo umene m'chinenero chawo amautcha kau chim. Ulawo umayenda motere. Pamakhala chigubu cha nsungwi chotseguka pamwamba, ndipo m'kati mwake muli timitengo 100 topyapyala, kalikonse kolembedwa nambala yakeyake. Munthu amayatsa lubani, nagwada, natchula dzina lake ndi funso lake chamumtima. Funso likhale limodzi basi. Kenaka amapendeketsa chigubucho n'kumachigwedeza pang'onopang'ono mpaka kamtengo kamodzi katatuluka pakati pa tinzake n'kugwa pansi. Ena pofuna kutsimikiza amaponyanso timatabwa tiŵiri tooneka ngati mwezi wongotuluka kumene. Kena kakagwa chagada, kena chafufumimba, ndiye kuti yankho lavomerezeka. Tikagwa mofanana, munthu ayambirenso.

Nambala ya kamtengoko amakasinthanitsa ndi kapepala kosindikizidwa kale, pamene pali ndakatulo yaifupi yonena za munthu wina wakalekale. Mapepalawo ali m'magulu: abwino koposa, apakatikati, ndi oipa. Popeza mau ake ndi okuluwika, pambali pa kachisi pali timashopu tambirimbiri ta omasulira, amene amalandira ndalama kuti auze munthu tanthauzo la pepala lake. Ula womwewu umapezekanso ku Taiwan, ku Thailand ndi ku Japan, kwina timitengo tikhala 100, kwina 60.

Ndipo nkhani ya chikondi ndi imodzi mwa zimene zimadzaza akachisi ameneŵa. Anthu a ku China ali ndi nthano ya m'nthaŵi ya mafumu a Tang, zaka zoposa 1,000 zapitazo, yonena za nkhalamba yotchedwa Yue Lao, imene akuti imakhala pa kuŵala kwa mwezi n'kumamanga ulusi wofiira kumiyendo ya mwamuna ndi mkazi amene adzakwatirane, ngakhale asanaonane. Ku Taipei atsikana amakhala pamzere kukapempha ulusi umenewu. Mukuona, amayi? Mtsikana wovala nsapato za gogoda ku Taipei ndi mwana wathu wosenza ndowa pa mjigo, onse aŵiri akudwala nthenda imodzi, yofuna kuti wina wodziŵa zobisika awauze kuti mwamunayo ndi wawo ndithu.

Ine sukulu ndidalekera ku pulayimale, koma masamu a banki m'khonde andiphunzitsa kuŵerengera. Tiyerekeze kuti tsiku limodzi atsikana 1,000 agwedeza chigubu cha timitengo 100. Ndiye kuti nambala iliyonse igwera atsikana pafupifupi 10. Atsikana khumi ameneŵa ali ndi amuna khumi osiyana. Wina ndi mnyamata wokhulupirika amene akusunga ndalama za ukwati, wina ali ndi mkazi kale kwawo, wina ndi chidakwa, wina adaiŵala ngakhale dzina la mtsikanayo. Koma onse khumiwo alandira pepala limodzi, mau amodzimodzi, osindikizidwa iwo asanabadwe. Nanga pepalalo lanena za mwamuna uti? Silinanene za wina aliyense. Amene amaika nkhope ya mwamuna papepalalo ndi mtsikana mwini wake. Pepala likanena za bwato lochedwa chifukwa cha mphepo, wokonda amamva kuti adikire, bwato lidzafika. Amene watopa kale amamva kuti bwato lamira.

Pali chinanso. Kamtengo koipa kakagwa, ambiri sapita kunyumba nako. Amati mwina sindinagwade bwino, mwina funso sindinalifunse momveka, ndipo amagwedezanso, kapena amapita kwa womasulira wina wofeŵa pakamwa. Ku Japan pepala loipa amalimangirira pa kachisi pomwepo kuti tsoka litsale. Koma amene kamugwera kabwino sabwereza, amakapinda bwinobwino n'kukasunga m'kachikwama. Akuluakulu adati khotekhote ngwanjira, palinga mtima mpomwepo. Kodi ife sitichita chimodzimodzi? Sing'anga woyamba akanena kuti mwamunayu muiŵaleni, timati ameneyu ula wake ndi wozizira, tikayese wa ku Nkhotakota.

Mudzati nanga bwanji nthaŵi zina ula umalasa? Umalasa ndithu, monga mwana woponya miyala mumtengo wa mango tsiku lonse salephera kugwetsa limodzi. M'chaka cha 2003 nduna ina ya boma la Hong Kong, a Patrick Ho, idagwedeza chigubu m'malo mwa mzinda wonse pa kachisi wa Che Kung pa chikondwerero cha chaka chatsopano, ndipo padagwa nambala 83, kamtengo koipa. Chaka chomwecho kudabuka matenda a SARS amene adapha anthu 299 mumzindawo. Mpaka lero nkhani imeneyi imasimbidwa. Koma mwambowu umachitika chaka chilichonse, ndipo timitengo ta zaka zina zonsezo ndani amatikumbukira? Kwathu kunonso timasimba za mayi mmodzi amene sing'anga adamuuza kuti mwamuna abwera mvula isanagwe, nabweradi. Amayi makumi aŵiri amene adauzidwa mau omwewo ndipo mvula yagwa kasanu ali okha, iwo sasimba, pakuti ndi zamanyazi.

Mphunzitsi wina wa ku America, a Bertram Forer, adachita chinthu chochenjera m'chaka cha 1948. Adauza ophunzira ake 39 kuti ayankhe mafunso, ndipo iye adzalembera aliyense za khalidwe lake lobisika. Patapita masiku adapatsa aliyense pepala lokhala ndi dzina lake, nawapempha kuti apereke malikisi kuyambira 0 mpaka 5 molingana ndi m'mene pepalalo lawalasira. Malikisi a onse pamodzi adaposa 4. Pamenepo ndi pomwe adawaululira kuti mapepala onse 39 anali ofanana, ndipo mau ake adangowatola m'kabuku ka okhulupirira nyenyezi. Anali mau onena kuti munthuyo amafuna kukondedwa, ndi kuti nthaŵi zina amakayika ngati adasankha bwino. Ndani mwa ife angakane mau otere? Tsono sing'anga akakuyang'anani n'kunena kuti, "Mayi, inu mtima wanu ndi wabwino koma anthu sakuyamikani, ndipo usiku simugona," musadabwe kuti wadziŵa bwanji. Mkazi wogona tulo tabwino sakwera kabaza m'bandakucha.

Ula wa kwathu kuno uli ndi zipangizo zosiyanasiyana. Ena amagwedeza nsupa, ena amayang'ana pagalasi kapena m'madzi, ena amagwidwa ndi mizimu, ndipo masiku ano aliponso oombeza pafoni, ndalama n'kumatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Zikwangwani zawo mumaziona pamitengo ya magetsi ku Kamuzu Road ndi ku Lilongwe, zolonjeza kubweza wokondedwa amene adathaŵa. Koma kayendetsedwe kake n'kamodzi. Woombeza amaponya mau n'kumayang'ana nkhope yanu. Kwa aZulu a ku South Africa zimachitika poyera: sing'anga akanena mau, anthu amayankha kuti siyavuma, ndiko kuti tavomera, ndipo akalasa pamene pali mtima wawo amayankha mokweza, iye n'kudziŵa kuti njira ndi imeneyi. Ife sitinena siyavuma, koma maso athu amanena, kuusa moyo kwathu kumanena. Onjezanipo maola aja mumakhala pamphasa podikira, mukukhuthulira mavuto anu mayi wachifundo amene mwakhala naye pafupi, osadziŵa ngati ndi wodwala mnzanu kapena ndi wa pakhomo pomwepo.

Pamenepa ndiyenera kunena kuti ula wa timitengo uli ndi ubwino umodzi umene wathu ulibe: kamtengo sikatchula munthu. Kamangoti dikira, kapena chenjera, basi. Ula wathu sukhutira usanaloze chala. Mwamuna akasiya kutumiza ndalama, akuti wamangidwa ndi mkazi wofiirira wa kumadzulo kwa nyumba yanu, kapena apongozi adakwirira kanthu pakhomo, kapena mlamu wanu ali ndi nsanje. Ndipo mudzi uliwonse uli ndi mkazi wofiirira kumadzulo. Mwamuna amene walakwayo amasanduka wosalakwa, wogwidwa chabe, ndipo mkwiyo wonse umagwera mkazi mnzathu, kaŵirikaŵiri wokalamba ndi wopanda womuteteza. Kumene zimakathera tikukudziŵa. M'chaka cha 2016 ku Neno anthu okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo, atanenedwa kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana. Lamulo la za ufiti la m'chaka cha 1911 lidaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti, ndipo inu wonena mukhoza kukayankha mlandu.

Ndikusimbireni za mayi wina wa gulu loyandikana ndi lathu. Dzina sinditchula, koma wandilola kuti ndinene. Amuna ake adapita ku Joni mwana wotsiriza ali kumsana. Zaka ziŵiri zoyamba zinthu zinkabwera: bulangete, foni, ndalama za feteleza. Chaka chachitatu kudayamba zifukwa, mapepala atha, bwana sakulipira. Chaka chachinayi foni ikaitana ankayankha ndi mkazi, n'kudula. Mayiyu adapita ku ula katatu. Koyamba adauzidwa kuti bambo amamukonda kwambiri koma adadyetsedwa, ndipo adapereka nkhuku ndi ndalama. Kachiŵiri adauzidwa kuti mankhwala oyamba adasukuluka chifukwa mlamu wake adaponda pamene adathira, ndipo kuyambira tsikulo iye ndi mlamuyo, amene ankalimirana m'munda, adaleka kupatsana moni. Kachitatu adagulitsa mbuzi, natenganso ngongole ku banki m'khonde ponena kuti akufuna kuyamba geni ya usipa.

Nthaŵi yonseyi, mnyamata wa mudzi womwewo amene ankakhala nyumba yoyandikana ndi bamboyo ku Joni anali atabwera kale kudzaona makolo, ndipo adakhala mwezi wathunthu. Mayiyu ankakumana naye pa chigayo, koma sadamufunse kanthu. Amayi a gulu lake atamufunsa chifukwa chake, adayankha mau amene sindiwaiŵala: "Ndikadamufunsa akadandiuza." Ndi pamenepo, amayi anzanga. Mkaziyu sanali wopusa. Adadziŵa kuyambira tsiku limene mkazi uja adayankha foni. Kwa sing'anga sankapita kukafuna choonadi, pakuti choonadi chinali pa chigayo, chaulere. Ankapita kukagula miyezi ina itatu ya chiyembekezo, ndipo mtengo wake udali mbuzi, mlamu, ndi ngongole imene adabweza ndi thonje la chaka chotsatira.

Kudikira kotere sikudayambe ndi ife. Amayi athu ndi agogo athu adadikira amuna a ku Wenela ndi ku Halale, ndipo mau akuti matchona adabadwa chifukwa cha amene sadabwerere. M'mwezi wa Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha aMalaŵi 74 ochokera ku migodi, ndipo boma lidaimitsa ulendowo. Pambuyo pake idabwera TEBA, imene nayonso idatha m'chaka cha 1988. Koma m'masiku amenewo kalata inkayenda milungu, ndipo mkazi analibedi njira yodziŵira ngati mwamuna ali moyo. Lero mwamuna amaoneka pa WhatsApp kuti ali pomwepo, chithunzi wasintha dzulo, wavala jekete latsopano, koma uthenga wanu sakuyankha. Kodi pamenepa pakufunikanso nsupa?

Musandimve molakwa. Sindikunyoza asing'anga onse, pakuti alipo odziŵa zitsamba amene athandiza ambiri, ndipo alipo oona mtima amene amauza mkazi kuti pita ukakambe ndi ankhoswe. Ndikudziŵanso chimene chimatikokera kumeneko. Kwa sing'anga munthu amakumvetsera mpaka umalize, sakuseka, sakakunena pa mjigo. Kunyumba ukadandaula amangoti pirira, banja ndi kupirira. Ngati ife a m'magulu a amayi, a mvano ndi anamkungwi tikadamamvetsera chotero, osathamangira kuŵeruza kapena kukaulutsa, theka la ndalama zimenezi likadatsala m'midzi mwathu. Ndipo amuna ena amabweradi, ena adangodwala kapena kutsekeredwa chifukwa cha mapepala. Koma zimenezonso amakuuzani ndi anthu amene adawaona ndi maso.

Kwa atsikana ndinene mwachindunji. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo munthu amaziona pong'amba mkuyuwo. Kuno ku sikimu tidachokera m'maboma osiyanasiyana, ndipo kunyanja kumabwera alendo mwezi uliwonse, kotero mnyamata akhoza kukhala pakati pathu chaka chathunthu popanda womudziŵa kwawo. Ngati akunena za ukwati, atchule mudzi wake, mfumu yake ndi atsibweni ake, ndipo atsibweni anu apiteko akaone ndi maso. Ngati akuzengereza kutumiza ankhoswe mpaka mvula iŵiri, wayankha kale. Muuzeni kuti mupitire limodzi kuchipatala kukayezetsa magazi, muone ngati afika pa tsiku mwapanganalo. Muonenso m'mene amalankhulira ndi mayi ake, ndi m'mene amachitira mukamukaniza ndalama. Za konda ine sindinena zambiri, koma dziŵani kuti zothira m'ndiwo zadwalitsapo anthu, ndipo mwamuna akagonekedwa m'chipatala, wofunsidwa ndi apolisi ndi amene adaphika.

Kwa amayi amene mwasiyidwa ndi ana, ndalama ya ku ula ndi yokwana kukufikitsani ku boma ku Salima ndi kubwerako. Lamulo la za ana la m'chaka cha 2010 limati bambo ayenera kusamala mwana wake, kaya ali pabanja ndi mayi wa mwanayo kaya ayi, ndipo khoti la majisitireti likhoza kumulamula kupereka chithandizo. Lamulo la maukwati la m'chaka cha 2015 limazindikira ukwati wa kwa ankhoswe, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa kwa DC, ndiponso limalola khoti kuzindikira ngati banja anthu amene akhalira limodzi zaka zosachepera zisanu. Zoona, mwamuna ali ku Joni ndi wovuta kumufikira, koma munda, nyumba ndi mbuzi zili konkuno, ndipo ndi bwino ankhoswe a mbali zonse akhale pansi pamaso pa a mfumu zinthuzo zisanayambe kugulitsidwa ndi abale ake.

M'gulu lathu tidakambirana nkhaniyi mwezi wathawu, ndipo mkangano udalipo. Ena adati tikhazikitse lamulo loti wotenga ngongole n'kupita nayo ku ula achotsedwe. Amayi achikulire adakana, adati mukatero adzangobisa koposa, ndipo mudzataya munthu pa nthaŵi imene akufuna anzake. Tidagwirizana china. M'thumba lathu la padera, lija timasonkha pothandizana pa matenda ndi maliro, tsopano mukhoza kutuluka ndalama ya minibasi ya anthu aŵiri, mkazi ndi nkhoswe yake, yopitira kwawo kwa mwamuna kukafunsa maso ndi maso, ndipo ndalamayo ibwezedwa popanda chiwongoladzanja. Pofika lero apitapo aŵiri. Wina adapita ku Dedza, ndipo adabwerako ndi tsiku la chinkhoswe. Wina adapita ku Mangochi, adakapeza mkazi ndi ana atatu pakhonde, adamwa madzi, natsazika. Sabata yathayi ndidamuona akusosa m'munda mwake pamodzi ndi mchemwali wake, akuti chaka chino adzala thonje ekala imodzi ndi theka.